Kaswichi Kamene Kanatsala m'Chitini

Kunali chiperoni mmawa umenewo. Phiri la Malosa silinkaoneka, ndipo kamvula kowaza kankanyowetsa malata osamveka kugwa kwake. Ndikukumbukira chigayo cha kutsidya kwa mtsinje chikuyamba kugunda, njiwa zikulira mu mtengo wa mango, ndi tsache la mwana wanga Tamandani likukwecha simenti ya pakhonde. Ndimayamba ndi zimenezi chifukwa ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva ndikadali munthu amene ena a inu munkamudziwa.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Makwinja, wa kufupi ndi Domasi Mission kuno. Ndinali mkulu wa mpingo zaka zambiri. Kachasu ndinamulawa koyamba mutu uli kale mbuu ndi imvi. Abusa andipempha kuti ndikuuzeni mmene ndinagwera, ndipo sindibisa kanthu, popeza ambiri mwakhala pa mabenchi apa mukulimbana ndi botolo lomwelo.

Nkhani yanga ndi ya galimoto. Ine ndi malemu mkazi wanga Esinati tinali ndi galimoto yakale kwambiri, yoyera, ya mabampala achitsulo onyezimira, imene tinaigula kwa dokotala wina wachizungu pamene ankabwerera kwawo. Esinati anaitcha Mkwatibwi, chifukwa akwati ambiri a m'chigwa muno anapita kutchalitchi atakwera imeneyo. Inali yosintha yokha magiya, imene amati otomatiki. Ine sindinayendetsepo mtundu wina moyo wanga wonse. Ndipo ndinali ndi chizolowezi changa. Mmawa uliwonse ndinkaima panja, n'kupisa dzanja pa windo, n'kupotokola kiyi, injini n'kumatenthera ine ndikupukuta magalasi. Ndinachita zimenezo zaka zoposa makumi awiri. Galimoto ya otomatiki ili ndi kachipangizo kake koletsa kuti isalire ikakhala m'giya, choncho sinandisunthirepo ngakhale kamodzi.

Esinati atamwalira, patapita chaka, giyabokosi nayo inafa. Zipangizo zake sizinkapezeka kulikonse. Galimoto inangokhala pansi pa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Tamandani, amene ndi mphunzitsi wa ku pulayimale ndipo ankakhala nane, anaona kuti ndikumaima n'kumayang'ana galimotoyo nthawi yaitali. Ndiye anafufuza pa foni mpaka anapeza kuti kuli makampani ena amene amapanga giyabokosi yatsopano ya manyuwo, yosintha ndi dzanja, yoti n'kulowa m'galimoto zakale ngati yathuyo. Inabwera pa basi kuchokera ku Joni, m'bokosi lamatabwa, pamodzi ndi klachi yake, chopondera chachitatu, mabawuti, ndi timapaketi tina tambiri.

Ntchito tinaipereka kwa amakaniko awiri apachibale ku Naisi, Lufeyo ndi mng'ono wake Yona. Ndinawaphunzitsa onse Sande Sukulu ali ana. Tsopano ndi abambo a mabanja awo, ndipo manja awo ndi odala, zimenezo sindingawamane. Anakhala nayo masabata atatu. Anaboola pansi kuti ndodo ya magiya itulukire, anamangirira chopondera cha klachi, anafupikitsa chitsulo chozungulira chimene chimapititsa mphamvu ku matayala akumbuyo. Ine ndinkakwera kabaza kukaona mmene zikuyendera.

"Madala, mwendo wakumanzerewo wapuma mokwanira," ankandiseka Yona ali chagada pansi pa galimoto. "Ukayamba ntchito tsopano. Muzikachita kudumpha ngati mwana wa sukulu."

"Bola musandiphere Mkwatibwi," ndinkatero.

"Afe? Ameneyu akutengeraninso mkazi wina, muona."

Tsiku lina ndinaona chitini cha penti chakale chili ndi tizipangizo totsala, tina tikadali m'mapulasitiki ake. Ndinafunsa Lufeyo kuti nanga izi? Iye anangogwedeza dzanja lodzaza girizi.

"Zachizungu izo, madala. Amaika zambirimbiri. Galimoto iyenda popanda zimenezo."

Ndinamukhulupirira. Makaniko aliyense amatsala ndi mabawuti, tonse timadziwa.

Anabweretsa galimoto Lachisanu masana, ine ndili ku maliro ku Malosa. Bwalo lathu ndi lotsetsereka pang'ono. Anaiimika moyang'ana khonde, ndipo monga amachitira amakaniko onse ndi galimoto yakale, sanadalire handibuleki, anaisiya m'giya yoyamba. Kiyi anapatsa Tamandani, n'kunena kuti abwera Loweruka masana kudzandiphunzitsa kuyendetsa. Mawu ena sanasiye. Sananene kuti kachipangizo koletsa kaja kanachoka pamodzi ndi giyabokosi yakale, ndiponso kuti iwo anangolumikiza mawaya ake awiri n'kukulunga ndi tepi, kuti sitata yoliza injini izizungulira nthawi ina iliyonse.

Loweruka mmawa, m'chiperoni muja, sindinkafuna kupita kulikonse. Ndinkangofuna kumva injini ikulira, nditakhala zaka ziwiri osaimva. Tamandani ankasesa pakhonde, kutsogolo kwa galimoto. Anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Ababa, simungadikire mpaka masana?"

"Ndingoimva mawu basi."

Ndinapisa dzanja pa windo, ndinapotokola kiyi.

Abale anga, anyamata aja injini anaikonza bwino zedi. Inagwira nthawi yomweyo. Galimoto inadumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu, inandikoka mkono, ndinagwa chafufumimba m'matope. Ndikudzuka, Mkwatibwi anali atakwera sitepe ya khonde, ndipo bampala lachitsulo lija linali litapanikiza mwendo wakumanzere wa mwana wanga ku chipilala. Injini inazima yokha. Chigayo kutsidya chinkagundabe.

Tamandani sanakuwe. Tsache linali likadali m'manja mwake. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa?" ngati akundifunsa funso.

Ndinagwira bampala kuti ndikankhe galimoto ibwerere mmbuyo. Sinasunthe. Ndinalowa mkati, ndinakoka ndodo ya magiya ndi mphamvu zanga zonse, inakana. Ndinali ndisakudziwa kuti umayamba waponda klachi. Munthu wa zaka zanga, woyendetsa galimoto zaka zoposa makumi awiri, sindinkadziwa kuchotsa galimoto yanga pa mwendo wa mwana wanga. Ndinangoyamba kukuwa. Mnansi wathu a Chikopa, amene amayendetsa minibasi, ndiye anathamanga, n'kundikankhira kumbali, n'kuponda klachi, galimoto n'kubwerera. Pamenepo m'pamene Tamandani analira.

Ku chipatala ku Zomba anamuika zitsulo m'mwendo. Fupa linathyoka pawiri, bondo linaphwanyika. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mwendo aupulumutsa, koma kuti adzayendenso payekha zidalira mafizo olimbitsa mwendo, sabata ndi sabata, osadumphitsa, miyezi yambiri. Akazengereza, bondo lidzauma mpaka kalekale.

Zonsezi ndikanazipirira. Chimene chinandithyola chinabwera pa tsiku lachitatu, pamene apolisi anatiitana kuti amve mmene ngozi inachitikira. Lufeyo anaima pafupi nane ngati pali benchi apa, nanena kuti, "Ife tinawauza madalawa kuti asaikhudze mpaka tibwere. Tinawauza kuti ili m'giya." Yona anagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pansi.

Ndinamuyang'ana Lufeyo, mwana amene ndinamuphunzitsa kupinda manja popemphera. Ine ndimachedwa kuweruza munthu, mkazi wanga ankachita kundidandaula nazo. Ndinadikira kuti mwina abweza mawu ake. Sanabweze. Pofika Lamulungu, chigwa chonse chinali chitamva kuti a Makwinja anachenjezedwa koma sanamvere, ndipo apundula mwana wawo chifukwa cha liuma.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Tulo tinatha. Ndikatseka maso ndinkamva "Ababa?" uja. Wina anandiuza kuti kakapu kamodzi kamagonetsa, ndipo kanandigonetsadi. Sabata yotsatira kamodzi sikanakwane. Ndinayamba kuwoloka mtsinje mmawa kupita kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndikudutsa ana amene ndinkawaphunzitsa katekisimu. Ndinagulitsa mbuzi za Esinati. Ndinafika pa maliro ena nditaledzera, n'kuyamba kutsutsana ndi mlaliki pamaso pa anamfedwa. Sesoni, bwalo la akulu a mpingo, inandiitana kawiri, sindinapite, inandiimitsa ukulu ndi Mgonero womwe. Ndinachotsa batire m'galimoto n'kuliponya kuseri kwa nyumba, galimotoyo n'kuisiya pomwepo pafupi ndi khonde, udzu ukumera m'matayala.

Ndipo tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinatenga sipanala yomasulira matayala n'kukwera kabaza wa ku Naisi. Ndinapeza Yona atawerama pa injini ya lole. Ndinamumenya paphewa, ndinamva fupa likuthyoka, ndipo ndinakweza dzanja kachiwiri ndikuyang'ana mutu wake. Anthu ndiwo anandigwira. Ndikunena pamaso pa Mulungu, akanapanda kundigwira, bwenzi lero ndikulankhula nkhani ina, kumalo ena. Ndinagona m'chitokosi masiku awiri. Tsiku lachitatu apolisi anandiuza kuti ovulalawo akana kupitiriza mlandu. Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinatuluka n'kulunjika kutsidya kwa mtsinje.

Nthawi yonseyo Tamandani anali kunyumba, pa ndodo ziwiri. Amayi a mpingo ndiwo ankamusambitsa ndi kumuphikira. Ku mafizo anapita kawiri kokha. Kuchokera kwathu kukafika ku msewu waukulu ndi mtunda, pa kabaza mwendo wa zitsulo sukwera, ndipo m'minibasi mulibe poutambasulira. Galimoto yoti imutenge inali pakhomo pomwepo, bambo ake woti aiyendetse ali gone pamphasa, akununkha. Ndinkadziuza kuti ndikumwa chifukwa chomumvera chisoni. Bondo lake linkauma ine ndikuona.

Tsopano ndifike pa tsiku limene Mulungu anandigwira.

Unali Okutobala, kukutentha, nyenje zikulira m'mitengo. Dzuwa linali litakwera kale, ine ndili pamphasa pabalaza, mutu ukuwawa ngati akuukhoma misomali. Ndinamva kaphokoso panja. Kwii. Kenaka zii. Kwii. Kenaka zii. Ndinamvetsera. Kankachokera m'galimoto.

Ndinaiwala kuti batire ndinalichotsa ndekha. M'mutu mwanga galimoto ija inali ikudumphanso. Ndinatuluka wopanda malaya, ndikupunthwa pa sitepe yomwe ija, ndikukuwa kuti, "Choka! Choka mmenemo!"

Tamandani anali pa mpando wa dalaivala. Ndodo zake anazitsamiritsa pa chitseko. Manja onse awiri anagwira chiwongolero, nkhope yonse thukuta, milomo ataluma. Phazi lake lakumanzere, la mwendo wovulala uja, linali pa klachi. Analikankha pang'onopang'ono, mwendo ukunjenjemera, chopondera n'kulira kwii, osafika ngakhale theka. Anapumira, n'kuyambanso.

"Ukuchita chiyani, mwanawe?"

"Mafizo," anayankha, osandiyang'ana. "Ku chipatala kuli chitsulo chokankha ndi phazi. Ichi chikufanana nacho. Ndayamba kale sabata ziwiri zapitazo. Inu mumakhala mutagona."

Ndinagwira chitseko cha galimoto.

"M'galimoto imeneyi? Imene inakuchita zimenezi?"

"Galimoto sinandilakwire, ababa. Ndi chitsulo." Anakankhanso. Kwii. Misozi inkatsika koma mawu ake anali osagwedera. "Amayi ankakhala apa pambali, mukukumbuka? Ankati mumayendetsa ngati mwanyamula mazira. Ine ndikufuna ndidzaime kutsogolo kwa kalasi yanga popanda ndodo. Ndikulimbana ndi mwendo wanga. Nanga inu mukulimbana ndi ndani?"

"Anandinamizira, Tama. Pamaso pa anthu."

"Ndikudziwa kuti ananama. Kiyi anandipatsa ine, ndinalipo. Ndinauza aliyense amene anandifunsa, koma inu simunabwere kudzandifunsa ngakhale tsiku limodzi." Apa anatembenuka n'kundiyang'ana. "Mwendo umene unathyoka ndi wanga. Inu mwautenga mwauyesa wanu, mukukamwera nawo mowa. Ndibwezereni, ababa. Ndikufuna kupita ku Zomba Lachiwiri lililonse, ndipo ndikufuna mundiperekeze ndinu."

Ndinakhala pansi m'fumbi, pafupi ndi tayala. Mwana wanga sanandipepese, sanatsike. Anapitiriza kukankha. Ndinkamva kwii, kwii pamwamba pa mutu wanga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi ndinadziona mmene ndinalili. Ndinadabwa kwambiri, abale. Ndinkaganiza kuti amene akumupundula mwana wanga ali ku Naisi. Koma a ku Naisi anamulakwira tsiku limodzi. Masiku ena onsewo ndinali ine.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zazing'ono, ndipo aliyense wa inu angazichite. Tsiku lomwelo ndinasamba n'kupita kwa abusa, masana anthu akuona, n'kuwauza zonse popanda kukometsera. Anandiperekeza ku chipatala chaching'ono, chifukwa thupi lozolowera kachasu ukalimana mwadzidzidzi limatha kukugwetsa. Ndinanjenjemera masiku asanu. Ndinasiya njira ya pamlatho yodutsa kwa mayi wa kachasu uja, ngakhale kuti yozungulira ndi yaitali. Ndinaona kuti ludzu limandigwira kwambiri dzuwa likapendeka, ndiye ndinapempha a Chikopa kuti akaweruka azidzakhala nane pakhonde tizisewera bawo. Anabwera mwezi wathunthu, ndipo anandidya masewero onse. Kupemphera kunandivuta poyamba. Ndinkangogwada n'kukhala chete, ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu anamva ngakhale cheteyo.

Koma galimoto inali ikadali msampha. Sindikanalola mwana wanga akwere mawaya aja ali chilumikizire, ndipo amene ankadziwa pamene anawalumikiza anali anthu awiri okha. Ndinazengereza sabata yathunthu. Kenaka ndinapita ku Naisi wapansi, manja ali lende, kuti aone patali kuti sindinanyamule kanthu.

Yona atandiona anabwerera mmbuyo. Phewa lake linali litatsika mbali imodzi, ndipo ndi mmene lilili mpaka lero. Lufeyo anatuluka pansi pa galimoto n'kuima pakati pathu.

"Sindinabwerere ndewu," ndinatero. "Yona, mwana wanga, ndinafuna kukupha. Ndilibe chodzikanira. Ndabwera kudzapepesa, ndiponso kudzapempha kuti mudzandikonzere galimoto. Tamandani akufunika kumapita ku chipatala."

Wailesi inkalira pa shelefu. Kenaka Lufeyo anapisa dzanja m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa kapaketi ka pulasitiki, kakuda ndi kugwiridwagwiridwa. Mkati munali kaswichi kakang'ono ngati chala changa chachikulu, kali ndi timawaya tiwiri.

"Kanali m'chitini muja, madala," anatero. "Kamamangidwa pa klachi, kuti galimoto isalire ngati simunaponde. Kanabwera m'bokosi momwemo. Pepala lake linalipo, sitinawerenge. Ntchito yake ndi ya kanthawi kochepa, tiyi asanazizire n'komwe." Anatambasula dzanja kundipatsa. "Ndinakapeza tsiku lomwe la ngozi. Ndakhala ndikuyenda nako m'thumba. Ku polisi kuja tinachita mantha, tinaona ndende, tinaona ana athu. Sitinakuuzeni kanthu, madala. Tinanama."

Ndinakalandira kaswichiko m'dzanja langa. Kanali kopepuka ngati bokosi la machesi. Ndinakayang'ana, ndipo mkwiyo wonse uja unabwereranso. Mwendo wa mwana wanga, ukulu wanga, dzina langa, zonse chifukwa cha kanthu aka, kamene ndinakaona ndi maso anga m'chitini n'kufunsa. Musaganize kuti mtima umafewa nthawi imodzi. Kenaka ndinamubwezera.

"Mawa mmawa," ndinatero. "Mubwere nako."

Anabwera onse awiri. Asanakhudze galimoto anakwera pakhonde n'kugwada pamaso pa Tamandani, amuna akuluakulu. Zimene analankhulana ndi zawo, ine ndinapita kukatenga batire kuseri. Yona anamanga kaswichi ndi dzanja limodzi, mkulu wake akumuunikira. Atamaliza, ataonanso kuti batire likadali ndi moto, Lufeyo anaika miyala ku matayala onse, anaika galimoto m'giya yoyamba, n'kundiuza kuti ndiime panja ndipise dzanja pa windo monga ndinkachitira kale.

Ndinakana. Tamandani anati, "Chitani, ababa."

Ndinapotokola kiyi. Kunali zii. Ndinapotokolanso. Zii. Njiwa zokha mu mango. Ndinatsamira denga la galimoto n'kulira ngati mwana.

Lufeyo anandiphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira la kusukulu. Ndinazimitsa injini kosawerengeka, Yona akufuula kuti, "Pang'onopang'ono, madala, klachi si njoka!" Patatha masabata awiri ndinamutengera Tamandani ku Zomba ndekha, ali kumpando wakumbuyo mwendo atatambasula. Sitinadumphitsepo Lachiwiri kuyambira pamenepo. Lamulungu lina mapemphero atatha, abale awiriwo anaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kubweza bodza lawo. Palibe anawakakamiza.

Sindikuuzani kuti zonse zinabwerera mwakale. Tinachedwa. Bondo la Tamandani silipinda lonse, ndipo adokotala akuti miyezi inayi ija inatidyera zambiri. Ndodo anazisiya, akuphunzitsa ataimirira, koma amatsimphina, ndipo adzatsimphina moyo wake wonse. Ndikamuona akukwera sitepe ya khonde ndimadziwa gawo langa pa kutsimphinako. Ku Mgonero anandibwezera, ukulu sindinaupemphenso. Ludzu limabwerabe dzuwa likapendeka, ndipo ndikalimva ndimanyamula bawo n'kupita kwa a Chikopa. Galimoto ndimailiza nditakhala pampando, phazi lili pa klachi, nditayang'ana kaye kutsogolo.

Ena mwandifunsa kuti ndimatha bwanji kupereka moni kwa anthu amene anandichita zotere, mpaka kumawasiyira galimoto kuti asinthe oyilo. Anandilakwira, zimenezo sindichepetsa, ndipo iwonso sachepetsa. Inenso ndinawalakwira. Lufeyo ndi Yona ndinawakhululukira.